Lezala la Venancio

Tayala anali atamuveka kale m'khosi, ndipo wina anali atathamangira petulo. Venancio, wa zaka 19, anagwada m'fumbi pafupi ndi chipata cha pamalire ku Mwanza, akulira ngati mwana.

Anali m'gulu la anyamata otchedwa Amalezala, ong'amba zikwama za apaulendo. Makolo ake atamwalira, gululi ndi lomwe linkamudyetsa ndi kumutcha m'bale. Koma atagwidwa tsiku limenelo, abale ajawo anangoti phazi thandize.

Mwini chikwama chomwe anang'ambacho, Mayi Deliwe, ogulitsa mbande za manachesi, sankakuwa nawo. Ankangoyang'anitsitsa pong'ambidwapo. Panali powongoka bwino, pochekedwa kamodzi kokha.

"Wacheka apa ndiwe?" anafunsa.

"Ndine, mayi. Pepani."

"Muvuleni tayalalo. Chikwama ndi changa, mlandunso ndi wanga. Dzanja limeneli ndili nalo ntchito."

Anthu anang'ung'udza, koma anamuvula.

Ku nazale yawo kwa Nthache, mayiwa anamuphunzitsa kumezanitsa mitengo: kucheka kamtengo ka ndimu, kulowetsapo kanthambi ka nachesi, n'kumanga ndi pulasitiki. Mbande zake zoyamba makumi atatu zinauma zonse, poti ankamanga mothamanga ngati akumuthamangitsa.

"Kuno kulibe apolisi, iwe," anatero Mayi Deliwe. "Bwereza, modekha."

Venancio anabwereza kawiri. Tsiku lomwe anaona timasamba tatuluka, anavina yekha m'nazalemo.

Kenako kunabwera Kinsley, mtsogoleri wa gulu lija, ndi anyamata awiri. Lamulo lawo linali lodziwika: wotuluka m'gulu amachekedwa patsaya ndi lezala lake lomwe. Venancio analipereka lezalalo.

"Cheka, Kinsley. Kubwerera kokha ayi. Tsiku la tayala lija munali kuti?"

Kinsley anaponya lezalalo m'dothi. Kenako anatembenuka. Venancio anakhala pansi, mtima ukutsika pang'onopang'ono. Atadzutsa mutu anaona kuti mmodzi wa anyamata aja sanachoke.

"Aise, nanenso ndingathe zimenezi?" anafunsa mnyamatayo.

Lero Venancio ali ndi nazale yakeyake, ndipo anayi mwa Amalezala akale amagwira naye ntchito. Chikwama chija Mayi Deliwe anachisoka, amayenda nachobe.

Inu amene mukuona ngati gulu lokha ndilo banja lanu, khomo lotulukira lilipo. Musadikire tayala. Tulukani lero, ndipo osataya mtima.