Zithunzi za atate zinasowa pa laputopu

Muli bwanji nonse.

Lero m'mawa ndaika sisitemu yatsopano pa laputopu. Itayakanso, foda ya zithunzi za malemu atate, ija timatsegula kuchokera pa kompyuta yakale ya kuchipinda, sinaonekenso. Ndasintha pasiwedi, ndazimitsa n'kuyatsa katatu, koma palibe.

Masana ndapita kukayang'ana kompyuta yakaleyo. Ndaipeza yofunditsidwa chitenje, nthambo zonse zozula, zokulungidwa bwinobwino. Amayi akuti, "Dzulo kuno ku Chinyunyu kunali ziphaliwali. Atate anu ali m'menemo, ndikanawasiya pamagetsi?"

Ndalumikizanso nthambo, zithunzi zabwera zonse.

Manje vuto ndi lakuti zili pamalo amodzi chabe. Abale anga, ba Esnati, ba Yosefe, mukuti bwanji? Tikopere aliyense pa fulashi yake, kapena tisindikize zina zoti amayi azigwira m'manja mvula ikamagunda?