Tambala Amene Anakanidwa ku Ntaja

Tsiku limene adzalembe mbiri ya anthu amene anawongola ntchito za boma m'dziko muno, ine asadzandiiwale. Ndinaphunzira kayendetsedwe ka boma ku koleji, teremu imodzi yathunthu, kenako ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere. Kunena zoona, mbali yanga pa ntchito yaikuluyi inali kunyamula tambala.

Amalume anga a ku Ntaja anali ndi mbuzi zoti akagulitse ku Balaka Idi isanakwane, mitengo ikadali yabwino. Popanda chilolezo cha alangizi a ziweto, mbuzizo zikanathera pa rodibuloko ya ku Liwonde, ndipo malata a nyumba yawo akanadikira chaka china. Monga wophunzira wa pabanjapo, ndinawalangiza kuti, "Amalume, cholembera cha boma sichilemba chili ndi njala." Tinabwereka tambala kwa aneba.

Ku ofesi tinapeza alangizi atsopano, mayi ovala magamubutsi. Amalume atafotokoza za mbuzi, mayiwo anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana tambala.

"Wadwala chiyani ameneyu?"

"Sanadwale, mayi. Wangobwera kudzakuonani."

"Ine amandiona ndi odwala okha. Mbuzizo zili kuti?"

Amalume anati zili kumudzi, koma atha kuzifotokoza bwinobwino, imodziimodzi.

"Iyayi bambo, mbuzi sindiyezera pakamwa pa eni ake."

Anatchula ndalama yovomerezeka, anapereka lisiti, n'kuliza njinga yamoto. Amalume anakwera kumbuyo. Ine ndi tambala tinatsatira wapansi. Pofika tinapeza mayi aja atagwada m'khola, akukanula mbuzi kukamwa, akuzonda ziboda. Imodzi yotsokomola anaikana, n'kuibaya jakisoni. Amalume anachonderera, anatchula Mulungu, anatchula mvula yodontha pamphasa.

"Ikachira mudzandiitane," anatero alangiziwo akupukuta manja. "Mukufuna ikapatsire mbuzi za anzanu ku Balaka?"

Analemba pepala la chilolezo cha mbuzi zotsalazo. Chibadwire sindinaonepo amalume akukanizidwa chinthu iwo n'kuthokoza, koma apa anathokoza, mpaka kuwaperekeza kumsewu.

Ku Liwonde apolisi anawerenga pepala lija, anasuzumira m'lole, n'kutiuza kuti tidutse. Mbuzi zonse zinagulidwa dzuwa lisanapendeke, ndipo malata tinabwera nawo pa lole yomweyo.

Amene anatsala wopanda ntchito ndi tambala. Amalume anagamula kuti popeza nzeru zinali zanga, ndikamubweze ndekha. Mwini wake anamunyamula, anamupepeta m'manja, n'kunena kuti wabwerako wowonda. Ndinagula chimanga cha K300.