Thobwa la Amayi Awo a Bwana

Ine ndinatetezapo dziko lino. Ubale wa Malawi ndi mayiko akunja unagonapo m'manja mwangamu. Kunena mosabisa, ubalewo unali m'masutikesi, ndipo ntchito yanga inali kuwanyamula.

Nditasiyana mwamtendere ndi mayeso a kukoleji, amalume anandipezera malo m'kagulu kokonza maulendo a akuluakulu a boma. Zida zanga zinali sikelo, selotepi, maloko ndi timalebulo tomangirira pazogwirira. Sutikesi iliyonse ndinkaiyeza, kuilemba dzina, kuikhoma, kenako kuiyang'anitsitsa ngati ingathawe. Mkulu wathu, a Makwinja, anali ndi lamulo limodzi: "Katundu amene sunamuone mkati sakwera, ngakhale wakupatsa akhale abusa."

Tsiku lina bwana wamkulu, wa kwa Mpama ngati ine, ankapita kumsonkhano kunja, ndipo tinadzera kumudzi kuti atsanzike. Amayi awo anandikodolera kuseri kwa galimoto atakumbatira chigubu.

"Iwe si mwana wa anaPhiri wa kumjigo uja? Thobwali ukaike bwino. Mwananga kunjako amangoonda."

"Amayi, malamulo salola..."

"Malamulowo ndi amene anamuyamwitsa?"

Ndinathamangira kwa a Makwinja. Anayang'ana chigubu, anayang'ana mayiwo, kenako anayang'ana kuphiri. "Maso anga akuvuta lero," anatero. Kukana, ndiye kuti amayi anga asiye kutunga madzi pamjigo chifukwa cha manyazi. Kulola, ntchito ili pamoto. Ndinatsegula chigubu, ndinasuzumira mkati, ndinalawako. Lamulo linakwaniritsidwa. Ndinachigoneka pakati pa masuti a bwana, malo ofewa koposa onse.

Chimene kukoleji sindinafikepo n'chakuti thobwa likakhutchumulidwa pamsewu wamabampu, dzuwa likuswa mtengo, limakwiya.

Pabwalo la ndege, bwana ali m'chipinda cha olemekezeka, sutikesi inayamba kulira kuti tsiii. Galu wonunkhiza katundu anafika, anakhala pansi n'kuiyang'ana. Wapolisi wina anakuwa m'kawailesi kake, anthu onse anatalikitsidwa, ndipo a Makwinja, amene maso ankawavuta aja, anaona khomo msanga kuposa aliyense.

"Wakhoma katundu ameneyu ndani?" anafunsa wapolisiyo.

"Ndine, bwana. Ndi thobwa."

"Thobwa limalira?"

"La kwa Mpama limalira, bwana."

Anandiuza kuti nditsegule ndekha, iwo atabisala kuseri kwa chipilala. Nditatsegula sutikesi n'kungokhudza chitsekerero cha chigubu, chinauluka mpaka kudenga. Thobwa linasambitsa masuti, mataye ndi mapepala a zimene bwana ankayenera kukalankhula. Linasambitsanso galu, amene sanadandaule.

Bwana anatuluka pang'onopang'ono. Ananunkhiza, anatseka maso, anati, "Amayi awa." Kenako anandinong'oneza: "Latsalako?" Linatsalako. Analimwera m'kapu ya tiyi, n'kukwera ndege ndi suti imene anavala yokhayo.

Koma nkhani ngati imeneyi imafuna mutu wa munthu, ndipo mutu wopepuka unali wanga. A Makwinja anandigwira chanza, anandilanda sikelo, n'kundifunira zabwino zonse.

Kwa inu ofuna ntchitoyi, phunziro nali: chigawenga mungathe kuchiletsa pakhomo, koma mayi wa munthu palibe makina omuunikira.

Nditabwerera kumudzi, mayi aja anatuma uthenga. Za ntchito yanga sanatchule. Anati chigubu chinali chobwereka. Ndinalipira K2,000.