Dzenje Limene Hosea Anayeza

Ndikamva anthu akunena kuti Hosea Kasoma anafa mwangozi, mtima umandiwira. Ngozi yanji munthu ataiona ikubwera?

Hosea ankayeza malo pakampani yomanga misewu. Chuma cha dziko chitalowa pansi, kampaniyo inatsekedwa, iye nadzakhala nafe ku komboni ya Kanyama. Banja linkadyera m'manja mwa mkazi wake Ennie, amene ankatsikira m'dzenje kuseri kwa nyumba zathu kukakumba miyala yoswa n'kugulitsa kwa omanga.

Dzenjelo linkamudetsa nkhawa Hosea. Tsiku lina anaponya chingwe kutsidya, napeza kuti kukamwa kwake ndi mamita sikisi. Kenako anagona chafufumimba m'mphepete ndi kachipangizo ka kusukulu koyezera mapendekedwe, nalunjika diso patsinde pa khoma la kutsidyako. Diso linatsika madigiri sikisite. Kutambalala, kuya ndi mzere wa diso, iye anati, zimapanga makona atatu. Ukadziwa mbali imodzi ndi kupendeka, inayo imadziulula. Anachulukitsa pamchenga napeza kuti kuya kwake ndi mamita teni ndi kanthu. Kuipa kwake, okumba anali atafukula pansi pa khomalo mpaka linangolenjekeka.

"Amake Ketty, osangenamo futi," anauza mkazi wake, kumuletsa kulowanso m'dzenjemo. "Mvula ikabwela ici cipupa cizagwa."

"Ba Hosea, manje bana bazadya ma degree?" anayankha Ennie.

Tinaseka, ine ndemwe, ndipo ndimadana nako kuseka kumeneko. Koma Ennie sananame. Ufa unali wa pamzere, ndipo poufika unali utakwera kale mtengo.

Hosea sanatsutse. Anangotenga nyundo ndi chitsulo chokumbira.

"Imwe muziphwanyila pamwamba," anati. "Pansi nizayenda ine."

Tangoganizani! Munthu wodziwa kuyeza msewu wonse, akusenza miyala m'chidebe, manja ali matuza okhaokha. Amene anadya chuma cha dziko anali phee m'nyumba za mipanda, ndipo palibe mmodzi anabwera kudzasuzumira m'dzenjemo.

Mvula inagwa mu Disembala. Khoma linagumuka m'mawa, Hosea ali pansi. Tinafukula ndi makasu ndi manja, tinamupeza atazizira kale.

Pamaliro abusa anati ndi chifuniro cha Mulungu. Ndinatuluka, kuopa kutukwana m'nyumba ya Chauta.

Sabata isanathe ndinamva nyundo ikulira kuseri. Miyala imene inamugwera inali yofewa kuswa, ndipo azimayi ankailimbirana. Ennie anali pakati pawo, Ketty ali kumsana, akuswa osadzutsa mutu.