Kuonda kwa Madalitso

Mwaswera bwanji nonse.

Ine lero mtima wakhala pansi. Mukudziwa kuti Madalitso wakhala akuonda chiyambire Januwale, mpaka waboola lamba kawiri. Ndikamufunsa amangoti, "Agogo, ndikuthamanga, ndi pulani yanga ya chaka chino." Sindinamukhulupirire. Malemu mayi ake anayamba kuonda chomwechi zaka za m'ma 90 zija, nawonso ankati ali bwino.

Ndiye m'mawa atatuluka, ndinakwera kabaza wa njinga yopalasa n'kumamutsatira. Kuchokera kuno ku Kawale mpaka ku Area 23, mwana osaima, osatsokomola ngakhale kamodzi. Ine khutu lonse linali pa chifuwacho. Amene anatopa ndi wakabaza, pachitunda mpaka ananditsitsa.

Pobwerera Madalitso anandipeza nditakhala pamwala. "Agogo, ukazitape wanuwu, bwanji osandinyamulirako madzi?" Ndinaseka mpaka misozi, koma iye sanadziwe kuti misoziyo inali ya chiyani.

Tsopano akuti chaka chamawa akufuna kuthamanga makilomita 42. Ine ndati ayambe wakayezetsa kuchipatala, ndipo ndimuperekeza ndekha, zapakamwa sindimva. Inu amalume ake, mukuti bwanji? Timulole?