Wachitatu Pamzere

Tinkayanika usipa pathandala ku Chiwanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mfuti italira kumtunda, agalu anathawira m'madzi.

Anthu amfuti anatindandalika pamchenga. Mmodzi ankayenda kutsogolo kwathu akuwerenga m'Chipwitikizi: "Umu, doishi, tireshi." Aliyense wachitatu ankamutulutsa kuti akasenze katundu. Ine ndinali wachiwiri. Wachitatu anali mlongo wanga Yusufu. Anachoka ali ndi mamba a usipa m'manja.

Otsalafe, pamodzi ndi amayi, tinakankha bwato kulowera ku Likoma.

Lero ndili ndi imvi. Ndimatsogolera gulu la achinyamata ku Msumba, kufupi ndi kwathu ku Chiwanga, ana a mabanja othawa nkhondo ya kunyanja yamchere. Ntchito yanga ndi kuwathandiza kulankhula. Salankhula. Anyamata amakumba pansi ndi chala chakuphazi, atsikana amabisa pakamwa m'chitenje. Ukafunsa funso, umadziyankha wekha ngati wamisala.

Kumaphunziro anatiuza kuti gulu likakula tiziligawa patatu. Tsiku lina ndinawaimika pamzere, n'kuyamba kuwerenga mokweza, monyadira nzeru zanga zatsopano. Umu, doishi, tireshi. Chala changa chinaima pa Zainabu, mtsikana amene anali atangoyamba kundipatsa moni sabata yomweyo. Anauma. Kenako anathawa, patapata imodzi n'kutsala m'kalasi.

Manyazi anandigwira. Mlendo akanalakwa chotere ndikanamukhululukira. Koma ine mchenga uja ndinaimapo.

Ndinamupeza atakhala pansi pa thandala kugombe. Ndinaopa kuti sadzabweranso. Ndinamuikira patapata yake pafupi, n'kukhala nanenso pamchenga.

"Amama, kwathu ankawerenganso choncho," anatero, osandiyang'ana.

"Ndikudziwa, mwanangu. Ine ndinali doishi."

Anatembenuka. Ndinamuuza za Yusufu, za bwato lodontha, za ine kukapa madzi ndi mbale ya usipa mpaka manja kuchita dzanzi. Ana anga omwe sanamvepo zimenezi.

Sabata yotsatira Zainabu anabwera, n'kukhala pafupi ndi chitseko. Mzere ndinausiya. Tsopano aliyense amakhala pamene wafuna.

Nkhani ya Yusufu ija ndinamuuza Zainabu mpaka pomwe inathera. Titafika ku Likoma, azimayi anatilandira ndi nsalu zouma. Mmodzi anafunsa amayi kuti ali ndi ana angati. Amayi anandigwira paphewa, n'kugwira mng'ono wanga Asiyatu. Dzanja lawo linapitirira pang'ono, kenako analibweza.