Manja a mdala wa mawotchi

"Kachitatu kano ndikubwera pano, wotchi ikungothamanga ngati yaba! Ngati ntchito yakukanikani, bambo, nenani ndikapereke kwa ena!"

Anali mayi wina, mphunzitsi, atagwira wotchi ya m'thumba ya malemu agogo ake, yasiliva, yachivindikiro. Ine ndimakonza mawailesi pakhonde la sitolo lomwelo, tebulo langa kugundana ndi la mdala wa mawotchi, ndipo pakamwa panga palibe buleki. Ndinadzambatuka.

"Mayi, tsitsani mawu! Bambo awa anayamba kutsegula mawotchi inu musanamere mano!"

Sindinaname. Mdalayu anayamba ndi kusesa m'shopu ya wokonza mawotchi wina, ntchito n'kumaiba ndi maso. Zaka makumi anayi tsopano kagalasi kali padiso. Akamadontheza mafuta sapuma, ukawalankhula sayankha. Malo a pakhondepa anandipemphera ndi iwowo ndilibe pogwira. Lamulo lawo ndi limodzi basi: zida zawo sizigwiridwa ndi munthu.

Mkati mwa wotchi yotere muli kagudumu kopita uku ndi uku, mdala amakatcha mtima. Kamayenda ndi kasipuling'i kozungulirazungulira, koonda kuposa tsitsi. Mdala anakatsuka kawiri poganiza kuti mafuta akukamata. Anayang'ana ngati nsonga za kagudumu zapindika, ayi, zili bwino. Anakankhira kochepetsera liwiro mpaka kumapeto. Wotchi imadyabe mphindi khumi pa ola.

Mayi uja anaisiya patebulo, akuti abweranso Lachisanu. Mdala anatambasula manja ake n'kumawayang'ana nthawi yaitali.

"Mphwanga, atha awa. Ndikumapinda kasipuling'i osadziwa."

"Bodza! Wotchiyo ndi yakufa kale!" ndinakuwa. Sanandimvere. Anatumiza uthenga kwa mwana wawo wamkazi, amene wakhala akuwanyengerera kuti apume.

M'mawa mwake mwanayo anabwera ndi katoni yolongezera zida. Atanyamula kopanira tizitsulo ta m'wotchi, kasikuluwu kakang'ono kanalendewera kunsonga, osagwa. Anakagwedeza, kali pomwepo. Ananyamula sikuludiraiva yaing'ono, nayo inakoka tiwiri.

Mdala anabwezera kagalasi padiso.

"Maginito," anatero chapansipansi. "Akalowa m'kasipuling'i, mizere yake imamatirirana, kamafupika, mtima n'kumagunda mofulumira. Ine ndimatsuka, kenako n'kukagwiranso ndi zida zomwezi. Koma zida zanga sizinayandikirepo maginito."

Apa ndinakumbukira. Masabata awiri apitawo mdala atapita kukasamba m'manja, ndinali ndi kawailesi ka timasikuluwu tosaoneka. Ndinatenga sikuludiraiva yawo ndi kopanira, n'kuzikhutiza pa maginito a sipika, monga timachitira ife a mawailesi kuti sikuluwu isagwe. Nditamaliza ndinabwezera pansalu pawo bwinobwino, n'kuiwala. Ine ndemwe! Wokuwira makasitomala, wodzitcha mlonda wa mdala, ndinaimirira pamenepo dzulo lake munthu akulira manja ake, ine n'kumatukwana wotchi ya agogo a eni.

Ndinayamba kupukuta wailesi imene ndinali nditapukuta kale.

Mdala sanandiyang'ane. Zimenezo ndi zimene zinandipha. Anangoyala nsalu yawo patebulo, n'kuyamba kutulutsa zida m'katoni chimodzichimodzi.

"Zisiye, mwana wanga, maginito amachoka. Mwina ndinaziika pena ine ndemwe."

Mwanayo sanapusitsike. Maso ake anayenda kuchoka pa zida, kudutsa pamene matebulo athu agundana, kukaima pa mulu wa masipika anga.

"Ayi, bambo, musabise munthu. Dzulo simunadye, mumangopisa manja m'matumba kuti amayi asawaone. Mphunzitsi uja panopa wauza sukulu yonse kuti mwakalamba." Anatembenukira kwa ine, kopanira kali m'manja, kasikuluwu kakulendewerabe. "Achimwene, siyani kupukutako. Anagwira zida za bambo anga ndani? Ndikufunsa inu. Yankhani!"